Mpando umene azakhali adaukana kamodzi

Loweruka lapitali kudali misa ya chikumbutso cha azakhali anga a Filomena, chaka chitakwana chimwalirire. Titatuluka m'tchalitchi kudawerengedwa kalata yochokera kumzinda. Adailemba ndi Senyoru Belimiro, amene ankatsogolera aphungu a chipani chawo zaka zisanu zimene azakhali adakhala ku asembeleya, nyumba ya malamulo ya chigawo chathu. Katekisita adaiwerenga m'Chipwitikizi, kenaka n'kuimasulira. Akuti azakhali adali mayi wa alimi onse a ku Tsangano. Akuti adali liwu la mlimi m'nyumba ya malamulo. Anthu adaomba m'manja. Ine sindidaombe. Ndidali nditasenza ndowa ya thobwa la alendo, ndipo mwini kalatayo akadabwera yekha, Mulungu andikhululukire, ndikadamukhuthulira yonse.

Liwu la mlimi ati. Nanga adalikhazika kukhoma liwulo ndani? Ndinena zimene ndikudziwa, chifukwa bodza la pamaliro likakhalitsa limasanduka mbiri, ana n'kukula akuyesa kuti zinthu zidayenda bwino.

Azakhali adali mlongo wawo wa bambo anga. Adali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda mwaliwiro ngati wasiya ndiwo pamoto. Pamfundo ya chitenje, pamene amayi ena amamangapo makobidi, iwo ankamangapo kampeni. M'thumba mwawo simunkasowa kapu ya galasi yokulungidwa m'kansanza. Akafika pamsika wa Ntengo-Wambalame nthawi yogula mbewu, sankayamba ndi moni. Ankatola kachewere mmodzi pamulu wa munthu n'kumudula pakati. Akaona mkombero wofiirira m'kati, akafinya n'kutuluka zoyera ngati mafinya, ankamuuza mwini mulu pamaso pa ogula kuti ameneyu akaphike adye, koma akamugulitsa ngati mbewu wapha munda wa mnzake. Kutukwanidwa kumene adatukwanidwa pamsika paja sindingakuwerenge. Tsiku lina mayi wina adawagenda pamphumi ndi kachewere wodulidwayo. Iwo adamutola n'kumuika m'thumba, kuopa kuti angatsale m'dothi.

Amene simudalimepo kachewere, pali matenda amene kuno timati getsi. Lero mmera uli bwinobwino, wobiriwira, mawa dzuwa likangokwera wafota ngati wauthira madzi otentha. Alibe mankhwala opopera. Amayenda m'mbewu, amayendanso m'dothi lomata kukhasu, kuphazi, kutayala la ngolo. Akalowa m'munda amakhalamo zaka, ndipo ukaumirira kubzalamo kachewere umangotaya feteleza. Kapu ya galasi ija idali ya ntchito imeneyi. Ankadula tsinde la mmera wokayikitsa n'kuliviika m'madzi oyera, ndipo mukakhala getsi, pakapita kanthawi kumatsika timaulusi toyera kuchokera podulapo. Sadaziphunzire kusukulu. Adazionera kwa mlangizi wina ku Malawi, zaka zimene tidathawirako nkhondo. Pobwerera kuno, anzawo atasenza mapoto ndi malata, iwo adasenza dengu la mbewu ya kachewere.

Mbewu imeneyo ndi imene adaisunga moyo wawo wonse m'munda wa kumtunda kwa nyumba yawo, kumene madzi a m'minda ya ena safika. Adauzinga ndi khonje, n'kusiya khomo limodzi. Pakhomopo pankakhala beseni la madzi a javeli, mankhwala ochapira aja, ndipo aliyense wolowa ankayamba waviikamo mapazi. Mundawo udali ndi khasu lakelake, lomanga kansalu kofiira kumpini, losaloledwa kutuluka. Malemu amuna awo, a Tomasi, adalitenga tsiku lina kukalimira kudimba. Azakhali adaligulula, n'kuliotcha pamoto mpaka kufiira, ndipo sabata yathunthu ankawapatsa chakudya osawalankhula. Ngakhale wansembe atabwera kudzadalitsa minda adamuimika pakhomo.

"Bambo mfumu, vulani nsapato."

"Mayi, ndabwera ndi madzi odala."

"Odalawo muwaza pamasamba. Mapazi aviikeni umu."

Adavula. Azakhali ankakonda kunena kuti getsi safunsa udindo wa phazi limene wakwerapo. Ankanenanso kuti mlimi wogula mbewu yosaidziwa mayi wake ali ngati munthu wotola mkazi pamsewu, ndipo amuna ambiri sankaikonda nkhani imeneyi.

Getsi atayamba kumaliza minda ya kumunsi, anthu ankakwera phiri ndi madengu kudzapempha mbewu kwa azakhali. Koma munda umodzi sungabzalitse Tsangano yense. Chimene chinkafunika onse tinkachidziwa: mbewu yogulitsidwa kapena yogawidwa iziyamba yayesedwa, ndiponso boma lipatule malo oyera ochulukitsirapo mbewu. Choncho anthu achipani atabwera kudzawapempha kuti dzina lawo lilowe pamndandanda wa aphungu, alimi adawakankha kuti apite. Sitidawatume zambiri. Tidawatuma mbewu.

Adabwerako kumsonkhano woyamba nkhope ili gwa. Titafunsa, adangoti awaika m'gulu loona za amayi, ana ndi zipatala. Nanga za ulimi? Adati kuli ena. Chaka chidatha, china chidatha, nkhani yomweyo. Anthu adayamba kulankhula. A Gasipari, oyandikana nawo a kumunsi, adawapingasa panjira ya kutchalitchi anthu akumva.

"Mayi phungu, ife tidakutumani kachewere. Inu mwatibweretsera matewera."

Anthu adaseka. Ine ndidadikira kuti azakhali awatsuke mkamwa, chifukwa munthu ameneyu sankasunga mawu mpaka mawa. Adangoyang'ana pansi n'kudutsa. Ndidapsa mtima tsiku limenelo, ndipo ndivomere kuti nanenso ndidayamba kuganiza zimene ena ankanong'ona, kuti mpweya wozizira wa m'maofesi wawakoma.

Zoona zake ndidazimva mochedwa, iwo akudwala kale. Kudabwera bambo wina wachikulire wochokera ku Chidzolomondo, ku Macanga, dzina lake a Erinesito, nesi wopuma pantchito amene adali nawo limodzi ku asembeleya. Adakhala pakhonde, azakhali atagona pamphasa, ine ndikusankha nyemba chapafupi. Ndidaponya mawu dala, kuti kumzinda kuja adangokakalambirako chabe. Azakhali adatembenukira kukhoma.

"Muuzeni, a Erinesito. Ine sindingathe kuzinena."

A Erinesito adayamba ndi kundilongosolera m'mene nyumba ija imayendera, chifukwa ine ndinkayesa kuti phungu amangoimirira n'kunena zimene kwawo amutuma. Si choncho ayi. Ntchito yeniyeni imachitikira m'timagulu totchedwa komisau. Ilipo ya ndondomeko ya chuma, ya malamulo, ya ulimi, ndi ija ya amayi, ana ndi zipatala. Nkhani ya mbewu siingafike pamaso pa nyumba yonse isanadutse mu komisau ya ulimi, ndipo ikafera m'menemo yafa. Mipando ya mu komisau iliyonse amaigawira zipani molingana ndi kuchuluka kwa aphungu awo. Kenaka aphungu a chipani chimodzi, amene amati bankada, amadzitsekera m'chipinda, ndipo shefi wawo amadzaza maina. Mndandanda wonse umapita kunyumba yonse, manja n'kukwera kamodzi, basi. Pamene wakhala tsiku limenelo ndi pako zaka zisanu.

Lidali tsiku lachiwiri atalumbira. Kunja kukutentha monga kumatenthera kumzinda kuja, azakhali atavala juzi yawo ya kuno, thukuta lili kamukamu. Senyoru Belimiro adakhala kutsogolo ndi pepala. Atatchula komisau ya ulimi, manja a amuna a mumzinda adakwera asanamalize n'komwe, poti komisau imeneyo ndi imene imayendera maboma pagalimoto. Mmodzi wa iwo adali wogulitsa mafuta, wina mwini malo ogona alendo. Udatsala mpando umodzi. Senyoru Belimiro adadzutsa mutu.

"Dona Filomena, za ulimi?"

Azakhali adaimirira, adapinda maondo pang'ono, n'kuyankha m'Chipwitikizi chawo chothyokathyoka chija.

"Iyayi, shefi. Alipo ena odziwa kuposa ine."

Ndipo adakhalabe chiimire, manja ali pamimba, kudikira kuti awafunsenso.

"Purontu, zatha," adatero Senyoru Belimiro, cholembera chikuyenda kale. Adayang'ana amene adakhala pafupi nawo. "Senyoru Erinesito, kwanu ku Chidzolomondo amalima fodya, eti? Za ulimi."

"Ine ndine nesi, shefi."

"Nesi amadyanso. Purontu."

Azakhali adali chiimirebe pamene ankawerenga komisau yotsatira. Atafika pa ya amayi ndi ana, shefi sadafunse n'komwe. Adangoti uku kukufunika mayi, n'kulemba dzina lawo. A Erinesito adati zonsezi sizidatenge nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi.

Wakumzinda akamva izi anena kuti adakana okha, alira chiyani. Koma kuno aliyense amadziwa kuti munthu wolongosoka salandira mpando pa kufunsidwa koyamba. Akakutchula kugulu la amayi kutchalitchi umakana, anthu n'kunena kuti ndi inu nomwe. Umakananso, iwo n'kukakamira. Kachitatu m'pamene umati poti mwatero, ndiyesa. Wovomera msanga timati ngolakalaka udindo, ndipo ngakhale asankhidwe palibe amene amamumvera. Azakhali adasankhidwa choncho kutchalitchi, adasankhidwa choncho kugulu la alimi. Ine ndemwe, nditangokwatiwa, amayi anzanga adanditchula kuti nditsogolere nyimbo, ine n'kuvomera pomwepo. Azakhali adandikalipira njira yonse yobwerera kunyumba, akuti ndawavula pagulu, mwana wa kwa ndani wolumphira mpando ngati mbuzi pachulu.

Tsono chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti Senyoru Belimiro mwambo umenewu amaudziwa ngati dzina lake. Adabadwira kuno kumapiri, mayi ake adaikidwa ku Ntengo-Wambalame. Pamene ankafuna dzina la azakhali pamndandanda, kuti alimi avotere chipani chake, adakwera phiri lino katatu ndi galimoto yake. Koyamba adakanidwa, adaseka n'kunena kuti abweranso. Kachiwiri adabwera ndi shuga. Kachitatu adakhala pamphasa, n'kuvula nsapato, n'kuviika mapazi m'beseni kuti akaone mundawo. Pofuna iye, adadziwa kuwerenga mpaka katatu. Pofuna iwo, adawerenga kamodzi n'kutseka buku. Mpando uja adali ataulonjeza kale kuti usapite kwa munthu wovuta, ndipo ulemu wa azakhali udangomufupikitsira ntchito.

M'chipinda muja mudali anthu ena a kuno kwathu, odziwa bwino kuti iyayi woyamba si iyayi. Padalibe mmodzi wonena kuti ndi inu nomwe, mayi. A Erinesito adavomera okha pakhonde paja.

"Mwanangu, ine ndidadziwa. Mawu adafika apa," adaloza pakhosi. "Koma ndidali mlendo, tsiku lachiwiri, ndidati ndisayambe ndi kutsutsa shefi. Ndakhala ndikudzitukwana zaka zonsezi."

Ine ndidasiya nyemba zija, ndidatembenukira kwa azakhali. Ndidawafunsa mokalipa, ngakhale adali odwala, kuti inu amene mudavula wansembe nsapato, inu amene msika wonse unkakuopani, chidakutsekani pakamwa n'chiyani? Bwanji simudakuwe pomwepo kuti mpandowo ngwanga?

"Rozina, pamsika ndinkamenyera kachewere. Pajapo ndikadaoneka ngati ndikumenyera mpando."

"Nanga si mpandowo udali kachewere yemweyo?"

"Ndidazindikira nditakhala pansi."

Akulu adati manyazi adapha lambe. Ndidafuna kuwauza choncho, koma ndidaona kuti adziuza okha kambirimbiri.

Sadangokhala ayi. M'mawa mwake adapita kwa shefi, adameza manyazi onse, n'kumuuza poyera kuti dzulo lija kudali kukana kwa ulemu. Iye adatsegula buku la zokambirana n'kuwalozera mzere: Dona Filomena adafunsidwa, adakana. Adawonjeza kuti madzi akatayika saoleka. Apo m'pamene iwo ndi a Erinesito adagwirizana zosinthana. Nzeru yake idali yoonekeratu ngakhale kwa mwana: nesi apite kumene amakamba za zipatala, mlimi apite kumene amakamba za mbewu, onse a chipani chimodzi, palibe mpando wotayika. Malamulo a nyumbayo amalola, bola shefi wa bankada asaine n'kupereka kutsogolo. Adalemba kalata, adasaina onse awiri. Senyoru Belimiro adati akatsegulira awiri, onse afuna kusintha, choncho adikire msonkhano wotsatira. Pamsonkhano wotsatira adati kalata yasowa. Adalemba ina. Shefi adati komisau ya amayi ingatsale ndi amayi ochepa, anthu angaseke. A Erinesito adasunga makope a makalata onsewo m'chikwama chawo cha unesi, ndipo adandionetsa. Pamalo osaina shefi padali poyera pa onse.

Lamulo lina limati phungu atha kukakhala nawo mu komisau imene si yake, koma savota, ndipo salankhula pokhapokha wapampando atamulola. Azakhali adaligwira lamulo limenelo ngati mpini. Komisau ya ulimi ikakumana, iwo ankafika oyamba, n'kukhala pampando wa kukhoma pafupi ndi chitseko. Zaka zisanu. Amuna aja adafika powatcha mlonda. Azakhali ankalemba timapepala n'kupatsira a Erinesito kuti awanenere, ndipo iwonso ku komisau yawo ankawerenga timapepala ta a Erinesito tonena za zipatala zopanda azamba. Ndiye taganizani: nesi akulankhula za getsi, akamufunsa funso limodzi kakasi, mlimi akulankhula za mankhwala a malungo, akamufunsa kakasi. Anthu awiri odziwa ntchito adawasandutsa mbuli m'zipinda zoyandikana, khoma limodzi pakati.

Tsiku limene adalephera kupirira lidali la chaka chachitatu. Kudabwera nkhani yoti alimi agawiridwe mbewu ya kachewere yochokera kwa wamalonda wina, ndipo adabweretsa thumba limodzi m'chipindamo kuti aphungu aone. Amuna aja ankamutola kachewereyo n'kumayamikira kukula kwake. Azakhali ali kukhoma adaona dothi litamatirira m'maso mwa kachewere, chimene ndi chizindikiro choyamba. Adakweza dzanja, wapampando adayang'ana kumbali. Adakwezanso. Kenaka adangonyamuka, adamasula kampeni pamfundo ya chitenje, adatola mmodzi n'kumudula, n'kufinya. Mafinya adatuluka onse akuona.

"Uyu ndi getsi. Mukagawa ameneyu mwagawa njala."

"Dona Filomena, simuli membala wa komisau ino. Sindidakupatseni mawu."

"Musandipatse. Funsani kachewereyu."

Adamuika pamapepala a wapampando, chodulacho chili pansi. Adawatulutsa. A Erinesito adaumirira kuti zimene zaonekazo zilembedwe, koma mlembi adati mawu a munthu amene sadapatsidwe mpata salowa m'buku. Adavota, dzanja lokana lidali la nesi yekha. Mbewu ija idafika kuno mvula isanayambe. Azakhali adayenda khomo ndi khomo kuchonderera anthu kuti aiphike asaibzale, koma chaulere n'chovuta kuchikana, ndipo anthu ankati ngati idali yoipa, bwanji inu aphungu mudailola? A Gasipari adabzala munda wawo wonse. Pofika Febuluwale udali utafota mzere ndi mzere, ndipo mpaka lero amabzalamo chimanga chokha. Sadabwere kudzapepesa za matewera zija. Adangotuma akazi awo ndi dengu.

Zaka zisanu zitatha, dzina la azakhali silidabwererenso pamndandanda. Akuti adali munthu wokangana. Adabwera kunyumba ndi chikwama chimodzi ndi kapu yawo ya galasi, tsiku lomwelo n'kukasintha madzi a m'beseni. Za kumzinda sankazikamba. Munthu akawatchula kuti mayi phungu ankayankha kuti phungu adatsala kukhoma, kuno kuli Filomena. Koma adasintha pa chinthu chimodzi. Mtsikana wina wa m'mudzi atasankhidwa kukomiti ya sukulu n'kuyamba kukana monga mwa mwambo, azakhali adaimirira pakati pa msonkhano n'kumuuza kuti ngati ntchitoyo akuidziwa avomere msanga, asanapeze wina woti purontu. Anthu adadabwa, ena adati ukalamba wayamba.

Masiku awo omaliza adandiitana, adandipatsa kampeni ndi kapu. Malangizo awo adali afupi. Adati munthu akafuna kulowa m'munda muja ndisamuyang'ane nkhope, ndimuyang'ane mapazi. Ndidati ndamva.

Adamwalira mvula ili pakati, kachewere wa kumtunda ali maluwa okhaokha. Pamaliro padabwera galimoto zitatu zochokera kumzinda. Zidatitimira kumunsi, pafupi ndi munda wa a Gasipari, ndipo alendowo adamaliza ulendo wapansi, kudula m'munda momwemo, nsapato zitalemera ndi matope. Senyoru Belimiro adalankhula nthawi yaitali, adapukuta m'maso ndi kansalu. Nthawi yonyamula bokosi itakwana, anthu adaona kuti njira ya kumanda, imene imazungulira kumunsi, yasanduka phala. Njira youma idali imodzi, yodutsa pakati pa munda wa mbewu n'kukatulukira kuseri. Ine ndidaima pakhomo la mundawo. Beseni padalibe. Ndidali nditalichotsa ndekha m'mawa, kuti alendo asambiremo m'manja.

Senyoru Belimiro adafika patsogolo pa onse, jekete lakuda, nkhope yachisoni, matope ofiira a kumunsi mpaka m'akakolo. Ndidawaona matopewo. Musaganize kuti sindidawaone.

"Mwanangu, tingadutse apa? Mayi atsanzike munda wawo."

Kumbuyo kwake kudali wansembe, akuluakulu, bokosi lili pamapewa, nyimbo ikuimbidwa. Ndidayang'ana nkhope. Ndidapinda maondo.

"Dutsani, bambo."

Adafunsa kamodzi, ine ndidavomera kamodzi. Adathyola khonje la kuseri kuti bokosi lituluke, ndipo mudzi wonse udadutsa m'menemo, mapazi ochokera m'minda yonse ya getsi ya dera lino, azakhali ali pamwamba osatha kunena kanthu. Anthu adati udali ulemu waukulu. Ndikamukwiyira Belimiro, ndimakwiya ndi mtima wonse, ndipo sindidzasiya. Koma pakhomo paja sadandikankhe. Ndidapatuka ndekha, ndi ulemu womwe uja umene azakhali adandiphunzitsa ndili mtsikana n'kudzandiletsa atakalamba.

Zokolola za chaka chimenecho zidali zochepa chifukwa cha kupondedwa. Ndidadula akachewere ambiri, onse adaoneka oyera, ndipo ndidapuma. Sindidagawe ngakhale mmodzi. Ndidasunga onse kuti ndibzalenso, chaka chino mbewu ichuluke, anthu alandire monga kale. Ndidatseka mpata wa kuseri, ndidabwezera beseni. Ndinkadziuza kuti mwina Mulungu adatseka maso tsiku lija.

Lolemba, alendo a chikumbutso atabalalika, ndidakwera kumunda dzuwa litatentha. Mbewu zinayi zidali zitafota, osati pamodzi, koma motsatana, kuchokera pakhomo kulunjika kuseri, m'mene mudadutsa bokosi. Ndidatunga madzi m'kapu ya galasi, ndidadula tsinde limodzi ndi kampeni kawo, ndidaviika. Ndidaima pamenepo ndikupemphera ngati mwana. Timaulusi toyera tidatsika pang'onopang'ono mpaka pansi pa kapu.

Mundawo ukadali wobiriwira ukauonera patali, maluwa ali mbuu, ndipo wodutsa anganene kuti mwini wake alipo. Khonje lili m'malo mwake. Khasu la kansalu kofiira lili chotsamira pamwala pamene ankalisiya, kansaluko katayera ndi dzuwa. Beseni lili pakhomo, lodzaza, fungo la javeli likumveka, lopanda chimene likutchinga. M'chisakasa cha kuseri kwa nyumba, mashelefu a nsungwi amene ankayalapo mbewu kuti iphuke ndidawasesa sabata yatha kukonzekera zokolola, ndipo akhala choncho opanda kanthu. Pakhonde, pamene ankakhala akudula kachewere wa anthu, patsala chitsa chokhala ndi mabala a mpeni.

Amayi a m'mudzi adayamba kale kundilonjezetsa mbewu ya chaka chino, ndipo akazi a a Gasipari adasiyiratu dengu lawo pakhonde Loweruka. Mawa abwera kudzamva yankho. Ndidzawauza kuti iyayi. Adzamwetulira n'kufunsanso, poti kuno iyayi woyamba ndi ulemu chabe. Ndidzati iyayi. Adzafunsa kachitatu, dzanja litatambasuka kale, ndipo ndidzawabwezera dengu lawo lopanda kanthu.